ZA ULIMI: Ng'ombe Yamkaka Ibale Caka ndi Caka

Mkaka umatsata thole. Ng'ombe imene yatha zaka ziwiri osabala imadya msipu ndi ndalama za mwini wake, koma osabweza kanthu. Alimi a ku Mkaika, Sinda ndi Vubwi ayenera kuyesetsa kuti ng'ombe iliyonse izibala caka ndi caka.

Ng'ombe yaikazi imafuna nkhunzi pa masiku 21 aliwonse, ndipo nyengoyi siipitirira tsiku limodzi. Imalira kawirikawiri, siikhazikika, ndipo imaima duu zinzake zikaikwera. Imene yaonetsa zizindikirozi m'mawa ipite kwa nkhunzi madzulo. Ya madzulo ipite m'mawa mwake. Mlimi akaphonya tsikulo wataya masabata atatu.

Bere limatenga miyezi 9. Cotero ng'ombe ikabala ipumule masiku 60, kenaka itengenso bere mwezi wacitatu usanathe. Mlimi wanzeru amalemba masiku onsewa m'kabuku.

Ng'ombe yowonda siifuna nkhunzi msanga. M'miyezi ya September ndi October, msipu utauma, izipatsidwa mapesi a cimanga, masamba a nshawa osungidwa pokolola, gaga, mcere ndi madzi okwanira.

Ng'ombe za Angoni zikaphatikizidwa ndi Friesian kapena Jersey zimabala ana opatsa mkaka wambiri, koma anawa sapirira cigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa. Asaleke kuwasambitsa ku dipi.

Ng'ombe ikapita kwa nkhunzi katatu osatenga bere, mwini wake aitane mlangizi wa ziweto mosacedwa.