RAW olo JPEG? Ba kameramani, sankhani Nc'wala isanafike

February akayandikira, ba kameramani ba mu Chipata amayamba kupukuta ma lens. Onse adziwa kuti Loweruka lothera mwezi uyu njira ni imodzi chabe, ya ku Mtenguleni ku Nc'wala. Anthu ena amabwera na basi kuchoka ku Lusaka, ena amadutsa pa boda ya Mwami kuchoka ku Malawi, ndipo aliyense afuna kubwerera na chithunzi atavala chikumba, chishango na chibonga kumanja. Kwa wokopa zithunzi, ili ni tsiku la ndalama. Koma ni tsikunso limene kasitoma angayang'ane chithunzi chake, akubwezere, akuti, "Iwe, uyu si ine. Nkhope yanga yayerera bwanji monga nagona mu phulusa?" Ndalama yapita, dzina laonongeka.

Kambiri vuto siikhala kamera yotchipa. Ikhala white balance, na mtundu wa fayilo imene munasankha kuseni musanayambe ntchito.

White balance ni mmene kamera imaganizira kuti choyera ni chiti. Kuwala kuli na mtundu wake. Babu yakale ya m'nyumba imapereka kuwala kwa yelo, mthunzi wa pansi pa mtengo umapendekera ku buluu. Maso athu amakonza okha, shati yoyera timaiona yoyera kulikonse. Kamera ilibe nzeru izo, imangoganizira. Akatswiri amapima mtundu wa kuwala mu ma Kelvin: babu ija ili pafupi na 3000, dzuwa la masana pafupi na 5500, kukachita mitambo 6000 mpaka 6500, mu mthunzi 7000 olo kupitirira. Pa kamera, mukakweza nambala chithunzi chimafiirira, mukatsitsa chimapita ku buluu.

Manje ganizirani Mtenguleni mu February. Ni pakati pa mainza. Pa 10 koloko dzuwa likuwotcha, pakapita mphindi zisanu mtambo wakuda waphimba, kenako dzuwa labweranso. Pansi ni matope olo udzu wobiriwira. Alendo akhala mu matenti a mitundu, ndipo tenti yofiira imapaka aliyense wokhala mkati kufiira, yobiriwira imam'sandutsa monga wodwala. Azimayi avala zitenje zowala, ma impi avala zikumba za mawangamawanga. Kamera ili pa auto white balance imasokonezeka: ikaona kufiira kwachuluka imathira buluu kuti ilinganize, ndiye khungu lakuda limatuluka lotuwa. Zithunzi khumi za gule mmodzi wa ingoma, chilichonse na mtundu wake.

Apa ndiye RAW na JPEG zisiyanira. JPEG, imene yakhalapo kuchokera mu 1992, ni ndiwo zophika kale. Kamera yathira mchere, yathira tomato, yaphula, zotsala yataya kuti fayilo ichepe. Mchere ukachuluka simungauchotse, mungangothira madzi, ndiwo zisukuluke. RAW ni nyama imene ikali pa mbale, yosaphika. Zonse zimene sensa ya kamera inaona zilimo, ndipo white balance ni kalembo chabe kamene kamera yaikapo, kamene mungasinthe pa kompyuta popanda kuononga chithunzi.

Manambala amaonetsa kusiyana. JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse wa itatu ija, wofiira, wobiriwira na wabuluu. RAW ya 12-bit imasunga 4,096, ya 14-bit 16,384. N'chifukwa chake mukayesa kuwalitsa nkhope imene inada pa JPEG, pamatuluka mabala na timizeremizere, pamene pa RAW khungu limabwera bwino. Chimodzimodzi kumwamba kumene kwayera kwambiri, olo shati yoyera ya mlendo wolemekezeka: pa RAW mungabweze mizere ya nsalu, malinga sizinapserere zonse. Pa Canon fayilo iyi imatchedwa CR2 olo CR3, pa Nikon NEF, pa Sony ARW. Mafoni ambiri amene ali na RAW amasunga DNG, imene Adobe anatulutsa mu 2004.

Nkhani ya khungu si yaing'ono, ndipo siinayambe lero. Kwa zaka zambiri, ma studio otsuka filimu ya Kodak ankalinganiza mitundu pa makina awo poyang'ana khadi lotchedwa Shirley, limene linali na chithunzi cha mzimayi wachizungu. Khungu lathu silinali mu masamu awo. Mu 2021 Google inachita kulengeza Real Tone pa foni ya Pixel 6, kuti kamera izitulutsa bwino khungu lakuda. Ngati makampani akuluakulu avomera kuti makina amaphonya, imwe musasiyire auto nkhope ya kasitoma wanu. Ndiponso kukonza white balance si kuyeretsa munthu. Ntchito yanu ni kubweza mtundu umene anabadwa nawo. Gogo wa ku Feni azioneka mmene adzukulu amam'dziwira.

Koma musathamange kunena kuti RAW ni mfumu ya zonse. Ili na mtengo wake. Pa kamera ya ma megapixel 24, RAW imodzi imadya pafupi 25 mpaka 30 MB, pamene JPEG yabwino kambiri siifika 10 MB. Memory card ya 32 GB ingadzale na zithunzi chikwi chimodzi chabe, olo kupitirirako pang'ono. Mukakopa motsatizana mwamsanga, kamera imatopa, imaima kuti ilembe pa khadi, makamaka khadi ikakhala yochedwa. RAW ikangotuluka mu kamera imaoneka yozizira, iyembekeza kuti muikonze. Kaprinta ka pompopompo kafuna JPEG, WhatsApp na Facebook nazonso zifuna JPEG. Ndipo RAW siichiritsa chithunzi chogwedezeka olo chimene focus inaphonya. Ngakhale Reuters, kampani yaikulu ya nkhani, mu 2015 inauza ojambula ake odzilemba okha kuti azitumiza zithunzi zokopedwa mu JPEG, chifukwa nkhani siidikira.

Ndiye funso loyenera ni ili: chimene mukukopa chingabwerezedwe?

Ngati mwaika kansalu kumbuyo pamalo amodzi, anthu akufola kuti akope na chishango alandire chithunzi pamenepo, JPEG ikwana. Chotsani kamera pa auto, tengani pepala loyera, muliike pamene nkhope ya kasitoma izakhala, mukope, muuze kamera kuti choyera ni ichi. Ma kamera ambiri amachitcha custom olo preset white balance. Mtambo ukabwera, bwerezani. Chithunzi chikaipa, munthu akali pamenepo, mungam'pemphe aimenso.

Koma pali zinthu zimene simungapemphe kuti zibwerezedwe. Inkosi ya Makosi Mpezeni akamalowa m'bwalo, akamalawa zakumunda zoyamba, ng'ombe yakuda ikalasidwa na mkondo, magazi a mnikelo akaperekedwa kwa mfumu, palibe amene azakuimirirani kuti mukonze ma Kelvin. Mwambo uyu unaima zaka zambiri mu nthawi ya atsamunda, unabwereranso mu 1980, ndipo umachitika kamodzi pa chaka. Mukaphonya, mudikire February wina. Apa ikani RAW, olo bwino koposa RAW+JPEG: JPEG mutumize msanga kwa akonzi olo pa peji yanu, RAW musunge ya album na chithunzi chachikulu cha pa khoma. Ukwati, kitchen party na graduation, lamulo ni lomweli.

Pokonza, musayambe na ma filter. Tsegulani RAW mu Lightroom, olo mu Snapseed ngati ni DNG ya pa foni. Tengani kachida kosankhira white balance, mugunde pa chinthu chimene mudziwa kuti chinali choyera olo chotuwa, koma chosapserera na dzuwa. Kenako yang'anani khungu. Likakhala lotuwa, kwezani temperature pang'onopang'ono. Likakhala lobiriwira chifukwa cha tenti olo mitengo, kankhirani tint ku pinki. Mukakhutira, koperani makonzedwe awo pa zithunzi zonse zimene munakopa pa kuwala komweko, osati za tsiku lonse. Ndipo musakonzere pa dzuwa, screen ya foni imanama panja.

Ba foni, simunasiyidwe. Ma iPhone a Pro ali na ProRAW kuyambira pa 12 Pro, ma Samsung ena ali na Expert RAW, ndipo ma Android angapo amabisa RAW mu Pro mode. Ngati yanu ilibe, pezani WB mu Pro mode, muisankhe mweka, ndipo mum'chotse munthu mu tenti ya mtundu musanakope. Potumiza pa WhatsApp, tumizani monga document, apo ayi izachifinyanso, ntchito yanu yonse ipite pachabe.

Chinthu chimodzi musanakwere basi: yesani zonsezi pa nyumba sabata ino. Kopani mng'ono wanu pa dzuwa, mu mthunzi na pansi pa babu, RAW na JPEG, muone mweka kusiyana. Chotsani zakale pa ma khadi, tchajani mabatire onse, ndipo ikani pulasitiki mu chola. Mvula ya ku Mtenguleni siidziwa mtengo wa kamera.