Banki ya zaka 233 yomwe idagulidwa ndi paundi imodzi

Mu March 1995, kampani ya ku Netherlands yotchedwa ING idagula banki ya Barings ya mumzinda wa London pamtengo wa paundi imodzi yokha, n'kusenzanso ngongole zake zonse. Banki imeneyi idali itakhala zaka 233, ndipo ngakhale Mfumukazi Elizabeth II inkasungitsa ndalama kumeneko. Anthu akamakamba za kugwa kwake amathamangira kutchula dzina limodzi, Nick Leeson, mnyamata wa zaka 28 yemwe adamwaza chuma chonse ali ku Singapore. Ine ndimaona kuti mlandu waukulu udali wa akuluakulu a ku London.

Barings idayamba mu 1762. Eni ake adali John ndi Francis Baring, ana a munthu wochokera ku Bremen m'dziko la Germany yemwe adakhazikika ku Exeter n'kumachita malonda a ubweya wa nkhosa. Poyamba iwonso adali amalonda wamba, koma posakhalitsa adazindikira kuti kukongoza ndalama amalonda anzawo kumapindulitsa kuposa kunyamula katundu. Pofika 1803 adali atakula moti dziko la United States, pogula chigawo cha Louisiana kwa France pamtengo wa madola 15 miliyoni, lidadalira Barings ndi banki ina ya ku Amsterdam, Hope & Co., kuti ndalamazo zipezeke. Choseketsa n'chakuti wolandira ndalamayo adali Napoleon, yemwe nthawi imeneyo ankamenyana ndi Britain. Ndalama ilibe fuko.

Banjali lidafikanso ku Africa kuno kudzera m'boma la atsamunda. Evelyn Baring, yemwe adadziwika kuti Lord Cromer, adalamulira Egypt kuyambira 1883 mpaka 1907, ndipo mwana wake, nayenso dzina lake Evelyn, adakhala bwanamkubwa wa Southern Rhodesia kenako wa Kenya pa nthawi ya Mau Mau.

Tsono chaka chomwe ambiri amachiiwala ndi 1890. Mkulu wa bankiyi, Edward Baring kapena kuti Lord Revelstoke, adathira ndalama zankhaninkhani ku Argentina, zina mwa izo pa kampani yamadzi ya mumzinda wa Buenos Aires. Chuma cha Argentina chitasokonekera, Barings idatsala madzi amodzi. Banki yaikulu ya Britain, Bank of England, idasonkhanitsa mabanki ena n'kukhazikitsa thumba la chikole la mapaundi pafupifupi 17 miliyoni, ndipo Barings idapulumuka. Koma eni ake adalipira. Masiku amenewo banki ngati Barings ikagwa m'ngongole, eni ake ankabweza ndi chuma chawo cham'nyumba. Revelstoke adagulitsa katundu wake ndipo ulemerero wake udathera pomwepo. Pambuyo pake bankiyi idasandutsidwa kampani yoti eni ake sangalandidwe nyumba zinthu zikavuta.

Patadutsa zaka zoposa 100, mu 1992, bankiyi idatumiza Leeson ku Singapore. Ntchito yake idali yogula ndi kugulitsa mapangano okhudza mitengo ya masheya a ku Japan, bizinesi yomwe kunena zoona imafanana ndi kubetcha: ukaganiza kuti mitengo ikwera n'kukweradi, wadya, ikatsika, wadyedwa. Apa mpomwe akuluakulu adalakwa koyamba. Adamulola kuti azichita malondawo, komanso kuti iye yemweyo aziyang'anira ofesi yolemba mabuku a malonda omwewo. Amayi a banki mkhonde kumudzi sangachite zimenezo: bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, ndipo wolemba m'kaundula sasunga bokosi. Banki yomwe idathandiza kugula Louisiana idalephera nzeru imeneyi.

Leeson adatsegula akaunti ya nambala 88888 ndipo zonse zomwe ankaluza ankazibisa m'menemo, pomwe ku London ankatumizako malipoti a phindu lokhalokha. Pofika kumapeto kwa 1994, mu akauntiyo mudali mutabisika chitayiko cha mapaundi oposa 200 miliyoni. Chaka chomwecho ofufuza mabuku a bankiyi adachenjeza kuti munthu mmodzi asamagwire ntchito ziwirizo, koma palibe chenicheni chidasintha. Mnyamatayo akapempha ndalama zoonjezera zoikira chikole kumsika, London inkatumiza, mamiliyoni pa mamiliyoni. Palibe adaima n'kufunsa kuti munthu amene akupindula chonchi akufuniranji ndalama zambiri tsiku ndi tsiku. Afunsa bwanji, pomwe mabonasi awo ankachokera pa phindu labodza lomwelo?

Pa 17 January 1995 chivomezi chidagwedeza mzinda wa Kobe ku Japan ndipo mitengo ya masheya idatsika. Leeson adabetcha zochuluka poganiza kuti ikweranso msanga, koma idapitirira kugwa. Pa 23 February adathawa ku Singapore, ndipo pa 26 February bankiyi idalengezedwa kuti yagwa. Zotayika zidakwana mapaundi 827 miliyoni, kuposa mpamba wonse wa bankiyo. Ulendo uno Bank of England idakana kuyipulumutsa. Leeson adagwidwa ku Frankfurt, adaweruzidwa ku Singapore kuti akhale kundende zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka, ndipo adatuluka mu 1999.

Sindikumuikira kumbuyo. Adanama, adapeka zikalata, ndipo chilango chidamuyenera. Koma mu London momwemo muli banki ina ya banja, C. Hoare & Co., yomwe idayamba mu 1672, zaka 90 Barings isanabadwe, ndipo ikadalipo mumsewu wa Fleet Street. Eni ake, zidzukulu za Richard Hoare yemwe adaiyambitsa, mpaka lero amavomera kuti banki ikagwa, chuma chawo chipite nawo. Munthu wotere sangalandire phindu lalikulu osafunsa komwe lachokera, chifukwa akudziwa kuti nyumba yake ili pachikole.

Akuluakulu a Barings mu 1995 adataya ntchito ndi mbiri, ena adaletsedwa kuyendetsa makampani kwa zaka zingapo, koma kundende kudapita Leeson yekha. Kwa ine, amene adagwetsa bankiyi ndi omwe ankasainira kuti ndalama zipite ku Singapore osawerenga mabuku.