Wakweza Mitengo si Mlimi Kapena Msodzi

Alimi anzanga, tsiku lina pamsika wa pa Mangochi boma ndinamva mayi wina akukalipira wogulitsa usipa kuti ndi wakuba. Enanso ati alimife tikubisa chimanga kuti chikwere mtengo. Ine ndagwirapo ntchito ya ulangizi, ndayenda m'midzi kuchokera ku Namwera mpaka ku Makanjira, koma nkhokwe yodzadza mu Januwale sindinaione pakhomo pa mlimi wamng'ono. Mlimi amagulitsa chimanga mu Meyi pa mtengo wolira, kwa venda wa sikelo yokayikitsa, chifukwa mwana akufuna fizi. Pofika Januwale amakagulanso chimanga chomwecho kwa venda yemweyo, mtengo utakwera. Nanga wakweza ndani?

Tiyeni tikumbutsane. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inaitsitsanso ndi 44 peresenti kuti IMF itipatse ngongole. Patangopita masiku ochepa MERA inakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 anafika pa K3,499. Msodzi wa ku Msaka kapena ku Malembo amene amalowa m'nyanja usiku ndi boti la injini sanaitanidwe kumisonkhano imeneyo. Iye amangogula mafuta, nthawi zina m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba chifukwa pamalo omwetsera mulibe. Usipa ulekerenji kudula? Wachigayo naye, walole yonyamula feteleza naye, onse amakankhira mtengowo kwa ife.

Akuluakulu ati ndi nkhondo ya Russia ndi Ukraine, ati ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ati ndi ng'amba ya mu 2024. Sitikukana, minda inakokoloka ndipo chimanga chinapserera tikuona. Koma si Freddy amene anatumiza K750 miliyoni ya feteleza wotsika mtengo ku kampani yogulitsa nyama ku Britain mu 2022. Si nkhondo imene inatseka misika ya ADMARC chaka chomwecho ndi kuchotsa antchito ake, mlimi n'kutsala m'manja mwa mavenda. Ndipo achikulire akukumbukira njala ya 2002, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Nthawi imeneyo ku Ukraine kunalibe nkhondo.

Chondipweteka kwambiri ndi nyimbo yoti madola akusowa. Amabweretsa madola ambiri m'dziko muno ndani, ngati si mlimi wa fodya? Aphungu athu afunse m'nyumba ya malamulo kuti madolawo amayamba kugulira chiyani, mafuta ndi feteleza zisanagulidwe.

Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yogulira mbewu chaka ndi chaka, koma kumudzi palibe woitsatira. Tikufuna ADMARC ilowe pamsika mu Meyi ndi ndalama m'manja, osati mavenda atakokolola kale chilichonse. Ife m'makalabu mwathu tisonkhanitse zokolola, tiyezere pa sikelo yathu, tigulitse pamodzi. Phungu akabwera, mumufunse zimenezi asanayambe kugawa nsalu.