Koko Anadula mu 2024, Koma Mlimi Wake Akadali Mmphawi

Amayi anzanga, mukaona chokoleti chakwera mtengo m'sitolo, musaganize kuti mlimi wa koko walemera.

Koko woposa theka wa padziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana. Kumeneko mvula inachuluka mu 2023 mpaka zipatso kuola, kenako kunadza ng'amba. Matenda a swollen shoot anaumitsa minda, ndipo ku Ghana okumba golide anagwetsa ina. Pamsika wa ku New York, tani imene inkagulidwa madola pafupifupi 2,500 mu 2022 inapitirira madola 12,000 mu Disembala 2024.

Kumudzi kunafika nyenyeswa chabe. M'mayiko awiriwa boma ndilo limaika mtengo wogulira kwa mlimi, ndipo limakhala litagulitsiratu koko wambiri asanathyoledwe, monga amachitira munthu wogulitsa chimanga chidakali m'munda. Mu Epulo 2024 Côte d'Ivoire inakweza mtengowo kuchoka pa 1,000 kufika pa 1,500 CFA pa kilo. Amenewo ndi madola osakwana atatu, pamene kunja kilo yomweyo inali pafupifupi madola 10.

Ambiri akuloza chala nyengo. Ine ndikuti vutoli ndi lakale kuposa pamenepo. Mbande ya koko imatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti iyambe kubereka. Mlimi amene wakhala akulandira zochepa angazule bwanji munda wokalamba n'kudikira zaka zonsezo? Ana adya chiyani? Makampani a chokoleti analira mu 2024, koma nthawi yonse imene koko anali wotchipa, minda inkakalamba iwo akuona.