Phokoso la Injini ndi Makutu a Wakabaza

Aliyense amene waimako kanthaŵi pamsika wa Liwonde kapena padepoti ya Balaka waona zimene tikufuna kunenazi. Anyamata a kabaza, ambiri a iwo ongomaliza kumene Fomu 4, amamangirira tiwailesi panjinga zawo zamoto, ndipo ena afika polumikizako mahedifoni kuti nyimbo ziziloŵa m'khutu mwenimweni. Ife sitiwadzudzula chifukwa chokonda nyimbo. Mwana wa ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, ndani angamuletse nyimbo? Chotidetsa nkhaŵa ndi china.

Injini ikangolira, m'mahedifonimo mumayamba kumveka kaphokoso konga kulira kwa udzudzu, kamene kamakwera mnyamata akawonjezera moto, nkutsika akachepetsa. Pena mumamvekanso kuthetheka. Mankhwala amene ambiri apeza ndiwo kukweza nyimbo kufikira itaphimba kaphokosoko. Komatu akatswiri a zaumoyo amati phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akamalimva maola ambiri tsiku ndi tsiku, limaononga makutu pang'onopang'ono, ndipo timinyewa ta mkati mwa khutu tikafa sitiphukanso. Wakabaza amakhala panjinga kuyambira mbandakucha mpaka chisisira.

Chikhalirecho gwero la kaphokosoka lili m'buku la Fizikisi limene mnyamatayo wasiya dzulo lomweli. M'chaka cha 1831 Michael Faraday anaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumabadwa magetsi. Umu ndi mmene njinga imadzipangira magetsi ake, pozunguza maginito ndi injini. Magetsi otereŵa amapita uku nabwerera uku. Kachipangizo kotchedwa rekitifaya kamawaongola kuti aloŵe m'batire ya mavolti 12, koma sikawasalaza kotheratu, ndipo timafunde totsalato ndito timalira m'khutu. Injini ikathamanga timafundeto timafika mofulumira, n'chifukwa chake kulirako kumakwera. Kuthetheka kuja kumachokera kupulagi, kumene mavolti oposa 10,000 amalumpha kampata kakang'ono. Kulumpha kulikonse kumamwaza mafunde mumpweya, ndipo waya aliyense wodutsa pafupi amawatola.

Wodziŵa gwero savutika ndi mankhwala. Wailesi itenge magetsi ake kubatire kwenikweni kudzera pafyuzi, m'malo moba pawaya wa nyali monga amachitira ambiri. Waya wobwerera, amene amakaniko amati ethi, amangidwe pamalo amodzi, pachitsulo chopalidwa bwino chopanda penti kapena dzimbiri. Mawaya a nyimbo asayende pamodzi ndi waya wa pulagi. Chipeŵa cha pulagi chikhale cha mtundu uja wokhala ndi rezisita ya maohm 5,000 mkati mwake. Kulira kukapitirira, pawaya wodyetsa wailesi paikidwe koyilo yaing'ono ndi kapasita, zimene wokonza mawailesi angathe kuzichotsa m'wailesi yakufa.

Kulumikiza mahedifoni nakonso kuli ndi msampha wake. Mawaya a sipika anapangidwira sipika ya maohm 4, imene imadya mphamvu yambiri, pamene mahedifoni amakhuta ndi kachigawo kochepa zedi ka mphamvuyo. Wowalumikiza mwachindunji, osaika rezisita mbali iliyonse, amapsereza mahedifoni kapena khutu. Ndiponso tiwailesi tambiri ta masiku ano sitilola kuti mawaya obwerera a masipika aŵiri aphatikizidwe, pamene mahedifoni ali ndi waya wobwerera mmodzi yekha. Wongopotera mawaya pamodzi osadziŵa zimenezi amangoona utsi.

Zonsezi zingatheke, ndipo tazilongosola kuti anyamata athu asamaone ngati nzeru za m'kalasi zinathera m'chipinda cha mayeso. Koma pali phokoso lina limene sitikufuna kuti lichotsedwe konse. Njanji yochokera ku Nkaya kudzera pa Liwonde kukafika ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, lero imanyamula sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala. Sitima yotere siima msanga ngakhale woyendetsa ataona munthu panjanji. Chimene ali nacho ndi hutala basi. Pamseu wochokera ku Zomba kupita ku Mangochi, ndi uja wodutsa pa Balaka kukafika pa Chingeni, malole ndi maminibasi amachenjeza njinga ndi hutala yomweyo. Nanga mayi wokwera kumbuyo, mwana ali kumsana, akafuula kuti chitenje chakodwa m'sipoko, amva ndani? Ngakhale kulira kwa injini yeniyeniyo ndi uthenga, pakuti wodziŵa njinga amamva ndi khutu kuti tcheni chakhwefuka kapena kuti oyilo watha.

Maganizo athu tsono ndi aŵa. Phokoso la m'mawaya lichotsedwe, kuti kasipika kazilira motsika koma momveka, khutu lili lotseguka. Mahedifoni akhale a pasiteji podikira wokwera, ndipo injini ikalizidwa aloŵe m'thumba. Ena adzati khutu limodzi lokha silingavute. Ife tikuti munthu amadziŵa kumene galimoto ikuchokera chifukwa chokhala ndi makutu aŵiri, ndipo wotseka limodzi amamva hutala koma osadziŵa kothaŵira. Atsogoleri a masiteji, amene amatha kuumiriza anzawo kulipira zopereka, angathenso kuumiriza zimenezi.

Kwa aphunzitsi anzathu a ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Phalula, pempho lathu n'lochepa. Pophunzitsa za maginito ndi magetsi, bwerekani njinga ya kabaza kwa ola limodzi, muiimike pansi pa mtengo pabwalo la sukulu. Lizani injini, mwana mmodzi agwire waya wa wailesi, ausendeze pafupi ndi waya wa pulagi osaukhudza, kenaka autalikitse, anzake akumvetsera. Akatero afunseni kuti alembe chimene amva ndi chifukwa chake.