Wailesi tinali kumvera pamodzi, foni tisaigwire tokhatokha

Masiku ano n'kovuta kupeza nyumba yopanda foni muno mu Kalingalinga. Pa msika, pa maliro, m'minibasi ngakhale pakhomo pa chalichi Misa ikatha, aliyense ali ndi cokamba pa za intaneti. Ena akuti yaononga ana athu, ena akuti ndico citukuko cimene tinali kuyembekezera. Ife tikuona kuti pamene pagona nkhani ndi apa: cinthu camphamvu cotere tacilola kulowa m'nyumba zathu osacikambirana, ndipo aliyense akulimbana naco payekha.

Tikumbutsane za kale pang'ono. Mseu umene akalipentala ndi owocherera zitsulo a m'komboni yathu amayalamo mabedi, mageti ndi mafelemu a zitseko unapatsidwa dzina la a Alick Nkhata, woimba ndiponso muulutsi wa pa wailesi ya Central African Broadcasting Station muno mu Lusaka. M'masiku awo, kuyambira mu 1949, kunabwera kawailesi kochipa ka batire ka Saucepan Special, kamene kanali kuoneka ngati poto. Munthu mmodzi akakagula, anansi onse anali kusonkhana pakhonde pake madzulo. Titalandira ufulu, alimi anali ndi magulu a Radio Farm Forum. Anali kukhala pansi pamodzi, kumvera pulogalamu ya ulimi, kukambirana zimene amva, ndi kupereka mafunso awo kwa alangizi.

Intaneti nayo inalowera pafupi ndi ife pomwe. Pa University of Zambia, pamene ambiri a ife timadutsa tsiku ndi tsiku, ndi pamene kampani ya Zamnet inalumikiza dziko lino ku intaneti mu Novembala 1994, Zambia nakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kutero. Zaka za m'ma 2000 tinali kupita ku ma internet cafe ndi kulipira mphindi. Telecel inasanduka MTN mu 2005, Celtel inakhala Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010, ndipo mu 2023 kunabwera Starlink yodzera m'mlengalenga. Lero intaneti ili m'thumba la mwana wa giredi 7.

Kusiyana kwake ndi kwakuti wailesi inali kukamba mokweza. Ikakamba zokayikitsa, wacikulire wina anali kuyankha pomwepo, onse namva. Foni imanong'oneza munthu mmodzi, nthawi zambiri usiku, ena atagona. Wakuba, wa njuga ndi wabodza onse amadziwa zimenezi, ndipo ndi pamene amadyera.

Tiyambe ndi alimi. Ambiri a ife tili ndi minda ku Chongwe ndi ku Rufunsa, kapena tili ndi makolo ku Petauke, Katete ndi Lundazi amene timawathandiza nthawi ya fataleza ikafika. Pulogalamu ya boma yothandiza alimi ang'onoang'ono, imene lero timaidziwa kuti FISP, inayamba mu 2002 ndi mindandanda ya pa pepala ya ku kopaletivu. Mu 2015 boma linayamba kuyesa njira ya e-voucher. M'nyengo zapitazi mlimi akalipira K400 yake, nambala yotengera fataleza ndi mbeu kwa wogulitsa imabwera pa foni imene inalembetsedwa. Njirayi ili ndi ubwino wake, cifukwa dzina la munthu amene kulibe silingalowe mosavuta monga kale. Koma taganizirani za ambuye athu kumudzi amene sawerenga Cizungu. Uthenga ukabwera amapereka foni kwa aliyense amene ali pafupi kuti awawerengere. Ena SIM yawo inalembetsedwa pa citupa ca mwana amene anapita ku Kitwe zaka zitatu zapitazo. Foni ikatayika, fataleza wa caka conse ali pa ngozi.

Akuba nawo sagona. Tonse tinalandirapo uthenga uja wakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi. Ena amaimba foni modzicepetsa, akuti ndi a ku ofesi, akuti dzina lanu latuluka pa thandizo la boma, ndipo cotsala n'cakuti muchule PIN yanu. Abale, palibe wa ku ofesi, wa ku banki kapena wa kampani ya foni amene ali ndi cifukwa cofunsira PIN yanu. Wofunsa PIN ndi wakuba, ngakhale atachula dzina lanu ndi la mudzi wanu. Comvetsa cisoni n'cakuti woberedwa amakhala cete kamba ka manyazi, ndipo mawa wakuba yemweyo amaimbira mnansi wake ndi mau omwewo. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Mmodzi akanakamba pa gulu, anthu 20 akanapulumuka.

Nkhani yaciwiri ndi ya njuga, ndipo apa tifuna kukhalitsa cifukwa ndi pamene mabanja akulira. Makina a bonanza atafika m'mabala ndi m'tuntemba, tinali kuwaona ndi maso. Mwana akaimirira pamenepo, amai a pa msika anali kumuthamangitsa ndi kuuza makolo ake. Tsopano bonanza yalowa m'foni. Pali kubecha pa mpira wa ku England, ndipo pali kandeke kaja ka Aviator kamene kamauluka ndalama zikukwera, kenaka nkuzimirira mwadzidzidzi. Munthu angataye ndalama ya lendi atakhala pa mpando wa m'nyumba, mkazi wake ali pafupi akusankha nyemba, osadziwa kanthu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Opanga kandeke amakamba okha kuti masewerawa amabweza 97 pa 100 iliyonse ya ndalama zonse zimene anthu aikapo. Kumva conco, wina angati K3 pa K100 ndi yocepa. Koma palibe amene amasewera kamodzi cabe. Ngati munthu abweza m'masewera zonse zimene wapeza, ulendo ndi ulendo, masamu akuonetsa kuti pa avereji pofika ulendo wa 23 theka la ndalama yapita. Ulendo umodzi umatenga masekondi ocepa, motero maulendo 23 amatha nsima isanapse. Ku mpira nako n'cimodzimodzi. Wolosera masewera 10 pa tikiti imodzi, ngati masewera alionse ali ngati kuponya ndalama ya citsulo m'mwamba, ali ndi mwayi umodzi pa 1,024. Amene wapambana amaonetsa tikiti yake pa Facebook. Anzake 1,023 sakamba kanthu, amangopita kukafuna kaloba.

Timva acinyamata akuti nchito kulibe, ndiye acite ciani. Funso limeneli ndi loona ndipo sitiliseka. Koma kampani ya njuga si bungwe lothandiza osowa nchito. Zikwangwani zake, malipiro a anchito ake ndi misonkho yake zonse zimacokera m'matumba a otaya. Mnyamata amene wakhala tsiku lonse akuphwanya miyala kapena kupala matabwa pa Alick Nkhata, madzulo nkupereka K30 yake kwa kandeke, wagwirira nchito munthu amene sadzamuona. K30 ya tsiku ndi tsiku pa mwezi ndi K900, yoposa kawiri ndalama imene mlimi amalipira ku FISP.

Sitikuti masewera onse a pa foni ndi oipa. Ana athu amene amasewera mpira wa pa PlayStation m'timashopu twa m'komboni sasiyana kwambiri ndi ife amene tinali kusewera nsolo ndi drafuti pansi pa mtengo. Cofunika ndi malire. Bungwe la zaumoyo la WHO linavomereza mu 2019 kuti kumwerekera ndi masewera a pa kompyuta mpaka kusiya sukulu, tulo ndi cakudya ndi matenda ofunika thandizo. Kwa ife akhristu pali citsanzo ca Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza woyera pa 7 Seputembala 2025. Anali katswiri wa kompyuta ndipo anali kukonda masewera, koma amene anamudziwa amati anadziikira ola limodzi cabe pa sabata. Nthawi yotsalayo anaigwiritsa nchito kuika pa intaneti nkhani za zozizwitsa za Ukaristia. Makolo sayenera kuphwanya foni. Ayenera kudziwa zimene zili m'katimo ndi kupangana ndi mwana nthawi yoizimitsa.

Nkhani yacitatu ndi ya sayansi, imene ambiri timaidumpha poganiza kuti ndi ya aphunzitsi a pa UNZA. Mu Julaye 2023 bungwe loona za nyengo pa dziko lonse, WMO, linalengeza kuti El Niño wayamba. Izi zimacitika madzi a m'nyanja ya Pacific akatentha kuposa nthawi zonse. Mphepo zimasintha njira, ndipo kuno kummwera kwa Africa mvula nthawi zambiri imacepa. Cenjezo limeneli linalipo miyezi inayi tisanabzale. Linali pa wailesi ndi pa intaneti, koma m'magulu athu a WhatsApp linamizidwa ndi nthabwala ndi mavidiyo a maukwati. Zotsatira zake tonse tikuzikumbuka. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Cimanga cinatsika kucoka pa matani oposa 3 miliyoni mu 2023 kufika pafupifupi 1.5 miliyoni mu 2024. Madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku, owocherera athu nakhala manja lende.

Foni sikanagwetsa mvula. Koma mlimi womva cenjezo nthawi yake angasankhe mbeu yoca msanga, angasiye gawo la munda kuti abzale mapira, cinangwa kapena khobwe, ndipo angasunge matumba ena m'malo mogulitsa onse mu Juni. Nkhani yotere imafuna munthu woiwerenga, wina woimasulira m'Cinyanja, ndi wacikulire wodziwa nthaka ya kumeneko kuti akambe ngati zingatheke. Munthu mmodzi ndi foni yake sangakwanitse zonsezi.

Palinso sayansi yabodza. Mauthenga a mau amazungulira akuti muzu wakuti umaciritsa shuga, BP ndi khansa pamodzi, ndipo ena amasiya mankhwala a ku cipatala kamba ka zimenezi. Tsopano makompyuta a AI amatha kupanga vidiyo ya munthu wochuka akukamba zimene sanakambepo, akuitana anthu kuika ndalama kumene akuti zidzaswana pa sabata imodzi. Kale tinali kunena kuti ndaona ndi maso anga. Lero maso okha sakwanira. Tiyenera kufunsa kuti nkhaniyi yacokera kuti, ndipo ngati wailesi kapena nyuzipepa yodziwika yaikamba.

Nanga ticite ciani? Sitifunika kuyambitsa bungwe latsopano, cifukwa magulu tili nawo kale. Tili ndi miphakati, magulu a amai, makwaya, zilimba ndi makopaletivu. Tikupempha kuti pa msonkhano uliwonse pakhale mphindi 15 za foni. Aliyense amene walandira uthenga wokayikitsa auwerenge mokweza. Wina awerenge zimene a Zambia Meteorological Department akamba pa za mvula. Amene anaberedwa afotokoze mmene zinayendera, ndipo pasapezeke womuseka. Acinyamata a pa parishi, amene zala zawo zimathamanga pa foni, akhale pansi ndi acikulire Misa ikatha, awaonetse kusintha PIN, kuona ndalama yotsala ndi kutsekereza nambala ya wakuba. Acikulire nawo ali ndi cowaphunzitsa, cifukwa anaona makampani ambiri olonjeza cuma ca msanga akubwera ndi kuzimirira. Atsogoleri a makopaletivu aone nthawi ikalipo, mvula isanayandikire, kuti membala aliyense ali ndi SIM yolembetsedwa pa citupa cake.

Ansembe ndi abusa athu tikuwapempha kuti nkhani ya njuga ya pa foni aikambe poyera monga amakambira za mowa. Banja limene lataya ndalama ya sukulu mwa njira imeneyi lisathamangire kwa ankhoswe zinthu zitafika kale poipa. Lipeze thandizo msanga, mwakacetecete ndi mwaulemu.

Kwa boma ndi makampani tili ndi mau awiri. A ZICTA ndi makampani a foni atumize macenjezo awo m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino, cifukwa akuba amalemba m'cinenero cimene ambuye amamva pamene cenjezo limabwera m'Cizungu. Caciwiri, kuyambira mu 2024 timalipira msonkho potumizirana ndalama pa foni. N'koyenera kuti gawo la ndalama imeneyo libwerere kwa ife mwa maphunziro otere m'makomboni ndi m'midzi, ndi kuti zolengeza za njuga zicepe pa nthawi imene ana akuonera mpira.

Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu analandira wailesi mwa kukhala pansi pamodzi, ndipo inawathandiza. Pa mphakati wa sabata ino, pemphero lotsekera lisanafike, wina atulutse foni yake aiike pa tebulo, tiyambe kuwerengerana.