Chingerezi Nacho Chidakula ndi Ngongole

Pali kagulu ka anthu ophunzira kamene kadadzilemba ntchito yolondera Chichewa. Munthu ukangonena kuti wagula shuga pagolosale kapena ukukatchajitsa foni, iwo amakwinya nkhope n'kuyamba kudandaula kuti chinenero chathu chikufa. Chodabwitsa n'chakuti akamaliza kulira maliro amenewa amatembenukira ana awo n'kuwayankhula Chingerezi chokhachokha. Ine ndikutsutsana nawo anthu amenewa, ndipo mboni yanga ndi Chingerezi chomwe amachigwadiracho.

M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy adawoloka nyanja, adagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings n'kulanda ufumu wa England. Kwa zaka pafupifupi mazana atatu, Chifalansa ndicho chidali chinenero cha kunyumba yachifumu ndi kumakhoti, pomwe atsogoleri a mpingo ankalemba m'Chilatini. Chingerezi chidatsalira anthu a khasu ndi abusa a ziweto. Zipsera za nthawi imeneyo zikuonekabe. Ng'ombe ikakhala m'khola, komwe ankaiweta ndi mmphawi, dzina lake ndi la Chingerezi, "cow". Ikafika patebulo la bwana imasanduka "beef", mawu a Chifalansa. Chimodzimodzi nkhumba, "pig" kubusa koma "pork" m'mbale, ndi nkhosa, "sheep" ndi "mutton". Mawu a ulamuliro monga "court", "judge" ndi "parliament" onse ngobwereka. Akatswiri amawerengera kuti mawu a Chifalansa pafupifupi 10,000 adalowa m'Chingerezi m'nyengo imeneyo. Izi zisadachitike, Angerezi adali atatola kale mawu kwa ankhondo ochokera ku Denmark ndi Norway, monga "egg", "sky" ngakhale "they". Taganizani, chinenero kubwereka ndi mlowam'malo yemwe!

Oyesa kupewa mawu achilendo adaliko. Mu 1340, mmonke wina wa ku Canterbury, Dan Michel, pomasulira buku la Chifalansa adakonda mawu a makolo ake, ndipo chikumbumtima adachitcha "inwyt". Lero Mngerezi wamba sawadziwa mawu amenewo, amati "conscience". Koma Geoffrey Chaucer, yemwe adamwalira mu 1400, adatenga mawu a kumudzi ndi a Chifalansa n'kuwaphika mumphika umodzi, ndipo mpaka lero ndiye amatchedwa tate wa ndakatulo za Chingerezi.

Tsopano tiyeni tibwere kwathu, tikaime pamsika wa Lirangwe m'mbali mwa msewu wa M1. Mayi amene wayala mbatata akugulitsa chinthu chomwe dzina lake tidalandira kwa Apwitikizi. Nsapato za pakaunjika, kalata yomwe mnyamata wanyamula, kapitawo wa pantchito, ngakhale kachasu wa kuseri kwa msika, onsewa ndi mawu amene adakwera ndi mtsinje wa Zambezi ndi Shire kuchokera ku Chipwitikizi. Galimoto imene yaima pasiteji dzina lake tidalitenga ku Chiswahili. Sopo, buledi, supuni, sitolo ndi sukulu ndi za Angerezi. Kodi alonda athuwa angauze gogo wa ku Lirangwe kuti pamene akutchula nsapato sakuyankhula Chichewa? Atati achotse mawu onse obwereka pamsika umenewu, malonda angathe dzuwa lisadafike pamutu.

Ku Chileka nkhani ndi yomweyo. Mawu akuti ndege ndi a Chiswahili, ndipo kwawoko amatanthauzanso mbalame. Pabwalo la ndege limeneli, pomwe Dr. Hastings Kamuzu Banda adatera pa 6 July 1958, padadutsanso amuna ambirimbiri opita ku migodi ya ku South Africa. Bungwe lomwe linkawalemba ntchito, Witwatersrand Native Labour Association, lilime lathu lidalipinda n'kukhala Wenela, dzina lomwe lidakakamira pamalo okwerera mabasi mu Blantyre. Johannesburg adasanduka Joni. Amene sadabwerere tidawatcha matchona, kuchokera ku mawu a Chizulu onena za kumira kapena kulowa kwa dzuwa. Chigayo nachonso tidachitenga ku mneni wa Chizulu wotanthauza kupera. Mawu amenewa asunga thukuta ndi misozi ya agogo athu. Wofuna kuwafafaniza akufafaniza mbiri.

Ena amadandaula kuti mawu akusintha tanthauzo. Nanga ndi liti pamene mawu adakhala chiimire? M'Chingerezi cha nthawi ya Chaucer, "nice" adali munthu wopusa, "meat" chidali chakudya chilichonse, ndipo "girl" adali mwana, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Ifenso sitima tidaitenga ku "steamer", chombo cha nthunzi cha pamadzi, koma lero mwana wa ku Lirangwe akamva sitima amayang'ana kunjanji. Kusiyana kwa mawu pakati pa madera nakonso si matenda. William Caxton, yemwe adabweretsa makina osindikizira mabuku ku England, adasimba mu 1490 za wamalonda amene adapempha mazira kwa mayi wina pogwiritsa ntchito mawu a kumpoto, mayiyo n'kumuyankha kuti samva Chifalansa, chikhalirecho onse adali Angerezi. Ndiye mlekeni wa kuno kummwera atchule mbwanda pamene wa ku Kasungu akuti nyemba.

Sindikunena kuti chilichonse chotuluka pakamwa n'chabwino. Pali kubwereka, palinso kudzionetsera. Mawu obwerekedwa bwino amavula suti n'kuvala zathu: foni imachuluka n'kukhala mafoni, ndipo timatchaja, kutchajitsa ndi kutchajirana monga timachitira ndi mneni wina aliyense. Amenewo ndi athu, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mkulu amene waima pamsonkhano wa chitukuko kumudzi n'kumaponya ziganizo zathunthu za Chingerezi pamaso pa anthu omwe sadapite patali ndi sukulu, ameneyo sakulemeretsa Chichewa. Akungokumbutsa anthuwo kuti iye ndi wa "beef", iwo ndi a "cow".

Apa ndiye pagona nkhani. Chingerezi sichidapulumuke chifukwa chotsekera mawu achilendo pakhomo. Chidapulumuka chifukwa chidabwezeredwa ntchito zaulemu. Mu 1362 kudakhazikitsidwa lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, pachifukwa chakuti anthu sankamva zomwe zinkanenedwa powaimira kapena powatsutsa. Pofika mu 1417, mfumu Henry V idayamba kulemba makalata ake m'Chingerezi. Chinenero cha abusa chidalowa m'khoti ndi m'nyumba yachifumu, chitasenza ngongole zake zonse.

Nanga ife? Chichewa chidalengezedwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies, yomwe idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ngakhale Mang'anja cha kuno kwathu chidalembedwa kale m'buku lotanthauzira mawu la David Clement Scott wa ku Blantyre Mission mu 1892. Mawu tili nawo. Komabe gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko lino limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mu 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Malamulo athu, zigamulo za milandu ndi mapepala a ngongole kubanki zimalembedwa m'Chingerezi. Mlimi wa ku Lirangwe amene munda wake uli pamlandu amasaina kapena kudinda chala papepala lomwe sangaliwerenge. Mnzake woyankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka ali m'mavuto omwewo, mwinanso oposa.

Imeneyi ndiyo imfa yoyenera kuiopa. Chinenero chimafa chikachotsedwa m'malo momwe mumagamulidwa za moyo wa eni ake, ndipo mawu ngati shuga ndi foni alibe mlandu pa zimenezi. Kulimbana ndi golosale pamene khoti ndi Nyumba ya Malamulo zatitsekera kunja n'kuthamangitsa mbewa nyumba ikupsa.

Choncho kwa alembi anzanga ndikuti: lembani Chichewa chomwe chimamveka m'minibasi ya ku Chileka ndi pamsika wa Lirangwe, ndipo muchipatse nkhani zolemera, za malamulo, za sayansi, za chuma. Pomwe makolo adasiya mawu abwino, afukuleni. Pomwe palibe, bwerekani mopanda manyazi, muwapinde mpaka akhale pansi. Ndipo kwa alonda aja ndikuti mphamvu zomwe mumathera podzudzula amayi a pamsika mukazithere pakhomo la aphungu, mukafunse tsiku lomwe mwini munda adzawerenge chigamulo cha mlandu wake m'chinenero chomwe amalota nacho.